Batani Limodzi la Hisamatsu

Ine ndine Kuroiwa Genzo, ndipo ngati munavalapo jombo za mphira padoko la Shimonoseki, phazi lanu limandidziwa. Ndinayamba ndi ngolo yokankha, lero jombo zanga zikuponda mamba a nsomba ku Busan, ku Manila, mpaka ku Lima. Ndadya ndi akuluakulu a zombo amitundu yonse, ndipo onse ankagwedezera mutu zonena zanga. Wondiuza pamaso kuti "Genzo, ukunama" analipo mmodzi yekha: Hisamatsu wokonza mawotchi, mnzanga wa masewera a shogi, ofanana ndi chesi, kuyambira tili ndi tsitsi.

M'chaka cha 1988 anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, lamanzere linkanjenjemera moti akati anyamule kachidutswa kamodzi, ankagwetsa asilikali onse pabolodi. Anakulunga bolodiyo m'nsalu, n'kumangokhala duu, maso kukhoma. Mkazi wake anali atamwalira kale. Wanga anachoka ndili ku Manila.

Mwana wake Noboru anabwera kuchokera ku Sendai, mzinda wozizira wa kumpoto.

"Bambo Kuroiwa, bambo angawa sangakhale okha chonchi. Kukayamba kufunda ndidzawatenga."

"Ku Sendai? Azikasewera ndi ndani, chipale chofewa? Ndisiyire ine, mwanawe. Udzawapeza akusewera."

"Ndikadzawapeza akusewera, sindidzawakakamiza," anatero Noboru.

Ndinakwera sitima mpaka ku Osaka n'kukagula kompyuta, yapamwamba kuposa zonse m'sitolomo, pamodzi ndi pulogalamu ya shogi. Vuto linali lakuti makina a masiku amenewo ukawayatsa ankangokuyang'ana ndi nkhope yakuda, kudikira kuti ulembe lamulo m'zilembo zachizungu, osaphonya ngakhale kadontho. Chala cha Hisamatsu chinkagunda mabatani atatu nthawi imodzi. Koma wogulitsa uja anandipatsanso kapulogalamu ka menyu. Umalemba dzina la chinthu, pambali pake lamulo lochitsegulira, n'kuchipatsa nambala. Ukayatsa makina, mayina aja amaoneka okha, iwe n'kungodina nambala.

Ndinakadziwa msanga, monga ndimadziwira chilichonse. Ndinadzaza galasi lonse: shogi, cholembera makalata, maphunziro a Chingerezi, gofu, mapu a dziko lapansi. Pamwamba ndinalemba ndi zilembo zofiira kuti MPHATSO YOCHOKERA KWA KUROIWA, ndipo dzina la mwini wake ndinaliika pansi pake.

"Dzina lako lanenepa kuposa langa," anatero Hisamatsu, lilime likulemera. "Nanga gofuyo ndisewere ndi mwendo uti?"

"Ukalamba ndi umbuli, mdala iwe! Ku Lima ana amasukulu..."

"Ukunama. Fufuta."

Ndinafufuta zonse, kunatsala mzere umodzi: 1. SHOGI. Mabatani oyandikana ndi amene ankawafuna ndinawazula ndi pulayala, kiyibodi n'kukhala ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Anadina wani, bolodi n'kutulukira pagalasi. Anadzikoka n'kukhala mowongoka, anawerama n'kunena mawu otsegulira masewera: "Chonde, tisewere." Anakhala chiweramire, kudikira yankho. Makina anali atasuntha kale msilikali wa mbali yawo.

"Chamwano," anatero. "Chinaleredwa ndi iwe?"

Apa m'pamene nzeru zanga zinaonekera. Menyu ija inkalola kuika mawu oti aoneke pulogalamu isanatseguke, ndi ena ikatsekedwa. Poyambira ndinalemba kuti "Chonde, tisewere." Pothera ndinaika mawu amene wogonja amanena akuwerama: "Ndagonja. Zikomo kwambiri." Sindinaganize kawiri. Hisamatsu anali asanagonjepo kwa munthu aliyense m'dera lathu, ngakhale kwa ine.

Anayesanso. Mawu aja ataoneka anawerama, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pake inamwetulira. Ndinanyamuka kupita ku Jakarta mtima uli m'malo, ndipo ndinauza aliyense m'ndegemo kuti ndaphunzitsa makina ulemu. Madzulo kuhotela ndinkadya ndekha, ndikuganiza kuti mnzanga kumudzi ali ndi womuweramira.

Ndinabwerera mitengo itayamba kuphuka, tsiku lomwe Noboru anafika. Tinakhala pamkeka kumbuyo kwa Hisamatsu, iye akusewera. Chala chinkayenda bwino ndithu. Ndinagunda Noboru ndi chigongono.

"Waona? Ndinati chiyani ine?"

Koma mutu wa mnzanga sunali uja wakale. Ankaiwala kachidutswa kamene kali pakona, n'kudzakakumbukira katadyedwa. Makina anamutsekereza mfumu yake mosachedwa. Anayang'anitsitsa bolodi, kenako anawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo.

"Ndagonja," anatero.

Anadina batani lotulukira. Pagalasi panaoneka zilembo zanga: "Ndagonja. Zikomo kwambiri."

Menyu sinkadziwa amene wapambana. Inkangonena zomwe ndinaiuza.

"Chimatero tsiku lililonse," anatero Hisamatsu. "Chimandikwapula, kenako n'kundinyengerera ngati mwana."

"Ndi mzere umodzi chabe! Ndikonza pompano, usanaphethire n'komwe."

"Ukonze kuti chizinena chiyani, Genzo? Masewera akatha, anthu amabweza zidutswa m'mbuyo n'kumakambirana pamene panalakwika. Pamenepo m'pamene pali kukoma. Ichi chimangobwerera pa nambala wani."

"Ndiye tizikambirana ndi ine!"

"Tizikambirana iwe uli ku Jakarta?"

Noboru anakhosomola. "Mukusewera ndithu, bambo, ndipo mawu anga sindibweza. Musankhe nokha."

Hisamatsu analoza ndi chibwano nsalu ija yokulunga bolodi. "Mdzukulu wanga wamng'ono ku Sendai akuti akufuna kuphunzira. Azindisunthira zidutswa. Ndipo akandipambana adzandiseka, monga munthu."

Ndinawaperekeza kusiteshoni. Hisamatsu ndinamugulira chakudya cha paulendo chabwino kuposa chonse, ndipo ndinamuuza kuti ndizibwera ku Sendai mwezi ndi mwezi. Anatsegula pakamwa ngati anene mawu ake aja oti ndikunama, koma anangowerama.

Kompyutayo ili kuofesi kwanga tsopano, m'chipinda chapamwamba moyang'ana doko, mabatani ake ali ozukazuka. Antchito akaweruka ndimadina wani. Chimandipempha kuti tisewere, ine n'kuwerama. Mzere uja sindinaukonze. Chimandikwapula bwinobwino, kenako chimati chagonja, n'kundithokoza kwambiri.

Ndimauza anthu onse, ku Busan ndi ku Manila komwe, kuti makina amenewa amagonja kwa ine tsiku lililonse. Onse amagwedeza mutu. Palibe amene amati ndikunama.