Kachigawo Kosatheka Kudula

Paulino anakhoma chikhomo chachiwiri n'kuuza mng'ono wake Valter kuti akoke chingwe. Ankagawa patatu malo amene bambo awo anasiya ku Chiwanga. Nyanja itakwera inali itadya kale theka, ndiye otsalawo anali kamzere chabe. Paulino ankafuna pokokera bwato, Valter ankafuna pomanga kachipinda ka alendo, ndipo mlongo wawo Lea, wamasiye, anali ndi thandala pomwepo loyanikapo usipa wodyetsera ana ake.

Chingwe cha malire a Valter ndi Lea chinadutsa pakati penipeni pa thandalalo.

"Liphwasule, mlongo," anatero Paulino. "Umange laling'ono m'gawo lako."

"Laling'ono bwanji, achimwene? Loyanika usipa wa mphaka?" anafunsa Lea. Anaseka, koma manja anali atayamba kale kumasula nsungwi.

Valter anangoti njo, chingwe m'manja. Iye ankaphunzitsa sayansi ya fizika ku Metangula, ndipo anthu otere mutu wawo suchedwa kuchoka pa ntchito.

"Aprofesora, mwagona choimirira?" anakuwa Paulino.

"Ndimaganiza zimene ndinawerenga, achimwene. Akatswiri ena akuti malo enieniwo, mpata uli pakati pa zinthuwu, mwina sungadulidwe mpaka kalekale. Ukadula, n'kudulanso, umafika pa kachigawo kotsiriza, kochepa kuposa atomu kutalitali. Akuti malo ali ngati ukonde, ali ndi maso ake. Kanthu kochepa kuposa diso limodzi kalibe pokhala."

"Anakaona ndani kachigawoko?"

"Palibe. Akukanganabe."

"Ndiye ife tidikire mpaka amalize kukangana? Kokani chingwe!"

Valter anayang'ana gawo la Lea. Munthu akanagona chopingasa, mapazi akanalowa kwa mnzake. Pa masamu linali lofanana ndi enawo, palibe amene anabera mnzake. Koma usipa wa tsiku limodzi sukanakwanamo, ndipo zimenezi zinamuwawa mumtima. Kachipinda kaja anakalota zaka zambiri, njerwa zinali zoumba kale.

Anawerama n'kuzula chikhomo cha pakati pa iye ndi Lea.

"Apa tafika pothera kudula," anatero.

"Zako zimenezo. Changa sindizula," anatero Paulino, n'kuponda chikhomo chake ndi chidendene.

Lea sanathokoze. Anamanganso nsungwi ija pang'onopang'ono, nkhope atayang'ana kumbali kuti asamuone m'maso. Kenako anakoka dengu la usipa wauwisi.

"Gwirani uko, aprofesora. Dzuwa likutithawa."

Valter anaponya chingwe pansi, n'kugwira.