Kalavani Yokhala ndi Chimbudzi

Philomena Mongan sanadye kanthu m'mawa umenewo. Pokagula chinthu chachikulu sankadya, ankati munthu wokhuta amavomera msanga. Anakwera kutsogolo kwa vani ya mkamwini wake Dinny Cawley, mwana wake Noreen atakhala pakati, ndipo asanafike n'komwe pamsewu waukulu anali atayamba kale kulalata.

"Tikafika kumeneko, iwe Dinny, pakamwa utseke. Ukaona chokongola usamwetulire. Mano akowo ndi amene amakweza mitengo."

"Koma ndalama ndi zanga, amayi."

"Ndalama ndi zako, nzeru ndi zanga. Yendetsa."

Noreen ndi Dinny anali atatha miyezi isanu m'banja, akugona m'kakalavani kobwereka, kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, kuseri kwa kalavani ya Philomena. Tsopano a kwa Cawley onse anali kunyamuka Lolemba, kuwoloka nyanja kupita ku England, kuchoka apo kulikonse kumene kuli denga lodontha kapena bwalo lofuna phula. Chaka chathunthu pamsewu, mwina ziwiri. Noreen ankapita nawo ali ndi pakati pa miyezi inayi, ndipo ankafunika kalavani yakeyake.

Kalavani ndi nkhope ya mkazi. Akazi anzako akalowamo amayang'ana magalasi, amayang'ana mabeseni ngati la mbale lili palokha, la zovala palokha, la m'thupi palokha. Akakhutira amalandira tiyi. Akapanda kukhutira amati angomwa kumene, ndipo dzina lako lathera pomwepo. Tsono apongozi ake a Noreen, Teasie Cawley, anali mkazi woti akalowa kwa mnzake amayamba wanunkhiza asanapereke moni. Teasie akakana kapu, msasa wonse umakana. Philomena anali atalumbira kuti mwana wake sakasekedwa pakati pa anthu amenewo, iye ali kutali kopanda womuyankhira.

Bwalo la Tierney, wogulitsa makalavani, linali kunja kwa tauni ya Mullingar. Tierney anali munthu wa m'nyumba, osati wa mtundu wathu woyendayenda m'makalavani, koma ife anthu a pamsewu ankatidziwa. Makalavani athu anawaika mzere wakewake kumanja, aakulu, a ku Germany, onyezimira, opanda chimbudzi. Kumanzere kunali a anthu a m'nyumba, opita nawo kunyanja milungu iwiri pachaka, anthu osaona chovuta kudzithandiza pafupi ndi mapoto.

"Mayi Mongan!" anatero Tierney akutuluka mu ofesi. "Ndikanadziwa kuti mukubwera ndikanatseka lero."

"Mukanapulumuka. Ndionetseni zabwino, zinyalala musungire abale anu."

Kalavani yoyamba Philomena analowamo n'kudumpha kawiri pakati. Pansi panalira. Anatuluka. Yachiwiri anatsegula kabati ya pakona, analowetsa mutu, anakanda khoma ndi chikhadabo.

"Chinyezi."

"Mulibe chinyezi mmenemo, mayi, ndayeza ndi makina."

"Makina anuwo ali ndi mphuno? Mwapaka utoto pamwamba pa nkhungu. Mukufuna mdzukulu wanga abadwe akutsokomola?"

Yachisanu ndi imene inamugwira mtima, koma nkhope anaikwinya kwambiri kuposa poyamba. Inali yaitali, ya matayala anayi, bedi lalikulu kumapeto, makabati a magalasi oikamo mbale zoonetsa. Anagwada m'matope kuyang'ana dzimbiri kunsi. Anayatsa gasi, anazimitsa. Anatseka chitseko n'kuchikankha ndi phewa.

"Munafera munthu muno?"

"Ayi."

"Lumbirani."

"Pali mayi anga ondibala."

"Mayi anu sindiwadziwa. Inali ya ndani?"

Tierney anatchula banja la ku Longford, ndipo Philomena ankalidziwa. Onse anali moyo, ngakhale nkhalamba yawo yomwa mowa ija. Basi malonda anayamba. Tierney anatchula mtengo, Philomena anaseka mpaka kugwira chitseko. Anatchula wake, Tierney anati kuli bwino aiwotche. Philomena ananyamuka kupita kuvani, Tierney anamuitana. Anabwerera, anatukwana matayala, anatukwana makatani, ananyamukanso. Ulendo wachitatu Tierney anatambasula dzanja kuti amenyane m'manja malonda athe. Dinny anali ataiwala malangizo, mano onse ali pamtunda.

"Noreen, bwera uone nyumba yako," anatero Philomena dzanja lili m'mwamba.

Zii. Noreen panalibe.

Anakamupeza kumzere wa kumanzere, atakhala phee m'kalavani yaing'ono yotuwa, manja ali pamimba. Pambali pa sitovu panali kachitseko kotsegula, ndipo kuseri kwake chinthucho chinkaoneka, choyera, cha chivundikiro. Philomena anaima panja. Phazi lake silinaponde ngakhale pa sitepe.

"Tuluka mmenemo. Ukasambe m'manja."

"Ndikufuna iyi, amayi."

"Wati chiyani?"

"Ndikufuna iyi."

Magazi anamuwira Philomena mpaka m'makutu. "Wapenga? Chimbudzi apa, poto apa? Ndinakulera ine kapena anakulera agalu? Iwe Dinny, bwera udzamve mkazi wako! Kapena ndi nzeru zako zimenezi?"

"Ine ayi, amayi, ine sindikudziwa kanthu," anatero Dinny akubwerera m'mbuyo.

"Palibe chimene umadziwa. Noreen, tandiyang'ana. Teasie akangoona kachitseko ako, palibe mkazi adzalandire kapu m'manja mwako. Mwana wakoyo anzake sadzaloledwa kulowa mmenemo. Adzati mwana wa Philomena ndi wauve, amaphikira m'chimbudzi. Udzakhala wekha ngati wakhate, anthu makumi atatu atakuzungulira. Ukufuna zimenezo?"

"Sindikufuna."

"Nanga?"

"Anamwino anandiuza Lachitatu. Matenda a m'chikhodzodzo aja abweranso, kachiwiri tsopano. Akuti ndizimwa madzi ambiri, ndisamasunge mkodzo ngakhale pang'ono. Akuti akakwera ku impso mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane. Pa miyezi isanu, isanu ndi umodzi. Wotero sakhala moyo, amayi."

"Bwanji sunandiuze?"

"Mumamva munthu akamalankhula?"

Philomena anayang'ana kumzere wa kumanja. Mutu wake unathamanga ngati mmene umathamangira pa malonda, kufuna pothawira.

"Chabwino. Tigula yaikulu ija. Tierney atiwonjezera kachimbudzi konyamula, tikaika kumbuyo kwa vani ya Dinny. Nkhani yatha."

"M'vani mwanga?" anatero Dinny. "Muli zida zanga mmenemo! Anyamata akamva adzandi..."

"Akuseke. Mwamuna safa ndi kusekedwa."

"Vani imachoka mamawa, imabwera dzuwa litalowa," anatero Noreen. "Ndizidikira tsiku lonse?"

"Ndiye kahema panja."

"Panja pati? Pambali pa msewu, magalimoto akudutsa? Madala osapita kuntchito aja atakhala pamipando tsiku lonse, apongozi anga aamuna ali pomwepo, ine ndizidutsa pamaso pawo kakhumi patsiku, onse akudziwa kumene ndikupita? Inuyo munayamba mwadutsapo pamaso pa mwamuna?"

Sanayambe wadutsapo. Palibe mkazi wa mtundu wathu amene amachita zimenezo.

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima," anatero Philomena. "Unadziwa kuti a kwa Cawley ndi oyenda. Tonse tinayenda. Ine ndinabereka ana asanu ndi atatu pamsewu, wopanda chonyansa chimenecho. Mkazi amapirira."

"Impso yanu ina ili kuti, amayi?"

Dzanja la Philomena linakwera lokha, lokonzeka kumenya mbama. Noreen sanaphethire. Dinny anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana tayala la kalavani ina ngati muli nkhani.

Dzanjalo linatsika pang'onopang'ono. Chipsera cha m'nthiti mwake, pamene anamuchotsa impsoyo, Philomena ankauza anthu kuti ndi matenda a kumtundu. Koma ankadziwa. Zaka makumi atatu pamsewu, theka la kapu ya tiyi m'mawa, basi, osalawanso dontho mpaka mdima. Kudikira amuna achoke. Kuyenda minda iwiri kufuna mpanda wa mitengo, agalu a mlimi ali pambuyo. Pomwetsera mafuta, akangoona ndolo zake ndi kumva kalankhulidwe, kiyi wa kuchimbudzi amakhala wasowa. Msana ukuwotcha ngati wathiridwa makala, mwana kumbuyo, wina m'mimba. Ndipo atadandaula kwa mayi ake, anamuyankha mawu omwewo amene iye wangolavula. Mkazi amapirira.

Mkwiyo unamukwera woposa woyamba, koma unasowa pogwera. Mayi ake anali m'manda. Noreen sankalakwa. Teasie naye sankalakwa, chimbudzi pafupi ndi chakudya ndi uve basi, zimenezo ngakhale wansembe sangazisinthe. Anatembenuka, maso ake anagwera Tierney, amene ankabwera akusisita m'manja.

"Tamaliza, mayi Mongan? Ndikayambe kulemba mapepala a yaikulu ija?"

"Yaikulu yake iti? Ndani wakuuzani kuti ndikufuna chingolo chimenecho? Iyi mukuti zingati?"

Tierney anayasama. "Iyi? Mayi, iyitu ili ndi..."

"Ndili ndi maso. Zingati?"

Anatchula.

"Mulibe manyazi? Kalavani yoti anthu akhala akunyeramo, mukuitchula mtengo wa nyumba?"

"Chimbudzicho ndiye chimakweza mtengo, mayi. Ndi chatsopano, sichinagwirepo ntchito. Pepala lake likadali pomwepo."

"Chimakweza kwa anthu anu. Kwa ine ndi chilema. Hatchi yotsimphina mumaigulitsa mtengo wa yabwino? Dinny, lowa udumphe pakati."

Dinny analowa, anadumpha. Pansi panali gwa.

"Dumphanso, unadya m'mawa iwe. Noreen, lowetsa mutu m'kabati ya pakonayo. Mukununkha chiyani?"

"Mulibe fungo, amayi."

"Usayankhe mokweza, chitsiru, akumva."

Anamuzunza Tierney ola lathunthu ali panja, mvula yowaza ikumunyowetsa tsitsi. Anatukwana utoto wotuwawo kuti ukufanana ndi bokosi la maliro. Anati matayala awiri okha kalavani idzavina pamsewu ngati woledzera. Anafuna matayala atsopano, anawapeza. Anafuna botolo la gasi lodzaza, analipeza. Anafuna kuti kachitseko kaja akamatire mphira m'mbali monse ndi kuikapo loko, mpweya wa uko usadutse kubwera kuno, ndipo lero lomwe, osati mawa. Tierney anagwira mutu.

"Mayi, mwandivula ndi malaya omwe. Ana anga adya chiyani?"

"Adye yaikulu ija. Dzanja."

Anamenyana m'manja, phaa, mpaka Tierney anakupiza zala. Dinny anapereka ndalama, Tierney anabweza pepala limodzi la ndalamazo, la mwayi, monga mwa mwambo wa malonda. Philomena analiyang'ana, anayang'ana Tierney, mpaka munthuyo anawonjezera lina.

Tierney atapita kukatenga mphira, Dinny anayandikira akukanda m'khosi.

"Amayi, nanga kwathu ndikanena chiyani? Mayi anga andidya wamoyo."

"Iwe sukanena kanthu. Unayamba wanenapo chanzeru liti? Ndipo undimvetse. Chigubu cha zonyansa za m'chimbudzicho uzikataya ndiwe, tsiku lililonse, kutali ndi msasa. Mwana wanga asadzachigwire. Ndikadzamva kuti wachigwira, ndidzawoloka nyanjayo wapansi."

Noreen anali ataima pakhomo la kalavani, misozi ili m'maso. "Lowani muone bedi, amayi. Ndi labwino."

"Ndikuliona ndili pano."

"Simudzalowa? Ngakhale mwana akadzabadwa?"

"Mwana udzanditulutsira panja. Chakudya cha mmenemo sindidzadya, usandikakamize kunama. Ndakalamba nazo, mmero wanga sungalole." Anapukuta mvula kumaso ndi mkono. "Koma madzi uzimwa. Wamva? Uzimwa ngati ng'ombe."

Anatulutsa foni m'thumba la chikhoto n'kumupatsa Noreen, poti zilembo iye sankazidziwa.

"Ndipezere Teasie."

"Amayi, dikirani tifike kaye, tiganize mmene..."

"Kuti akaione yekha Lolemba, ayambe ndi iweyo pamaso pa anthu? Ayambe ndi ine. Ndipezere."

Noreen anadina, anabweza foni ikuitana. Philomena anaima pakati pa bwalo, miyendo atatangadza, dzanja lina m'chiuno.

"Teasie? Ndine Philomena. Khalani pansi, asebele, mumve kwa ine musanamve kwa wina. Ana ndawagulira kalavani. Ili ndi chimbudzi m'kati." Anachotsa foni kukhutu pang'ono, mawu a Teasie akumveka mpaka pamene panaima Dinny. Anadikira apume. "Mwatha? Ndasankha ndine. Mtsikanayu walira, wakana, ndamukakamiza. Anamwino akuti apo ayi mdzukulu wanu timuika m'manda asanaone dzuwa. Tsono wauve ndine, mukauze msasa wonse choncho, mutchule dzina langa lonse. Koma mkazi amene akamutembenuzire msana mwana wanga, ayambe wadzandiuza ine pamaso chifukwa chake. Ndipo woyamba mukhale inu."

Kumbali inayo Teasie anafunsa motsitsa mawu za matenda a Noreen.

"Kachiwiri tsopano," anayankha Philomena. "Eya. Ngati ine ndemwe." Anamvetseranso. "Loko ilipo, ndi mphira yomwe. Mukuyesa ndine mwana? Bwerani mawa mudzaone nokha, musandithere mayunitsi a foni."

Anadula, anaponya foni m'thumba.

"Akuti chiyani?" anafunsa Noreen.

"Akuti mabeseni ako azikhala kwa iwo, uzikatsukira mbale kumeneko, tiyi wako akaziwo azimwera komweko. Wapulumuka theka. Theka linalo udzadzimenyera wekha ndi pakamwa pako." Anatembenukira ku ofesi. "Tierney! Mphira imeneyo mukuchita kuilima? Ndili ndi njala ine!"