Mndandanda Wochokera ku Zomba

Mapepalawo anafika pa Kachulu ndi minibasi ya m'mawa, olumikizana kutalika ngati chingwe cha khoka. A Nasiru, eni sitolo, anawaponya patebulo pa Edina.

"Kampani yagula kompyuta. Makadi onse a makasitomala ulembenso motsatira izi. Akalewo ung'ambe. Lole ikubwera Lachisanu."

Sitoloyo inkaitanitsira anthu maukonde, nyali ndi makina osokera ku kampani ina ya ku Zomba, ndipo dalaivala ankatula katundu pamalo olembedwa pakhadi. Edina anali atagwirapo miyezi itatu yokha. Akalakwitsa chimodzi, mtsikana wina wa JC anali chire kudikira mpandowo.

Anayamba kukopera, mwana akuvuta kumsana. Pofika masana anali atalemba makadi zana limodzi ndi makumi anayi, koma zambiri zinali zolakwika. Kompyutayo inkadziwa kumene anthu ankakhala zaka zitatu zapitazo, nyanja isanaphwe, maukwati asanathe.

"Abwana, pepani. Apa alemba kuti a Kassimu amakhala kwa a Falida."

"Ndiye?"

"Banja lija linatha chaka chatha. Pano ali chikamwini kuchilumba cha Chisi, kwa a Asha. Ukonde wawo ukakatulidwa kwa a Falida, sauonanso. Adzabwera kudzalalatira ine pano."

"Iwe ndi kompyuta wophunzira kwambiri ndani? Lemba."

"Komatu a Bakali awa anamwalira."

"Lemba, Edina! Kapena ukalembere kwanu."

Edina anatolanso bolopeni. Analemba a Kassimu kwa mkazi wakale, analemba malemu Bakali ngati amoyo, akung'amba makadi amene iye yemwe anawakonza pofunsa asodzi mmodzimmodzi padoko. Mwana anakodza. Bolopeni inayamba kudukiza.

Kenako anaima. Anawerenga mzerewo kawiri, n'kusuzumira abwana ake, amene ankasenda chinangwa pakhomo.

"Abwana, nanunso muli m'menemu."

"Eya, ndine kasitomala. Lemba."

"Makina osokera aja munaitanitsa mwakachetechete. Pakhadi lakale munati akatulidwe kwa akazi anu aang'ono, kuseri kwa mzikiti. Kompyuta ikuti kwa mayi aakulu, kwa Mwambo." Anatsitsa mawu. "Ndilembe?"

Mpeni unaima. A Nasiru anabwera, n'kuwerama pa pepalalo nthawi yaitali, ngakhale magalasi anali atawaiwala kunyumba.

"Anthu a m'tauniwa amadziwa chiyani za kuno?" anatero pomaliza. "Kodi iwe umangokopera zilizonse osaganiza? Bwezeretsa zonse mmene zinalili."

"Zonse? Akalewo ndang'amba!"

"Anakuuza ndani kuti uthamange choncho?"

Edina anaika bolopeni patebulo. Anamasula mwana, n'kumuika pa thumba la mchere, nagwada pansi kutolera zidutswa za makadi mu katoni ya zinyalala. Chidutswa choyamba chinali ndi theka la dzina la a Kassimu. Theka linalo mwana anali atayamba kale kutafuna.