Mbale za a Kasapo

Ine ndine Perpetua Nambewe, amake Tionge. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, koma pamsika wa ku Dedza palibe amene anandipusitsapo pa belo la kaunjika. Kuno ku Tallaght, mu Dublin, ndimasambitsa nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba, ndipo Amalawi onse a kuno amadziwa kuti Nambewe sasiya kanthu patebulo. Ngakhale mwenye wogulitsa ufa ndi usipa akandiona ndikulowa m'shopu amayambiratu kupukusa mutu.

Tionge wanga amasewera makadi. Ndiyo ntchito yake, sindibisa. Anayamba ndi kugawa makadi m'kalabu ina m'tauni, atavala kamalaya koyera, nkumamwetulira anthu oledzera. Atagawa zaka zingapo, mutu wake unagwira njira. Masewerawo amati blackjack. Mmene anandifotokozera, iye amasunga m'mutu makadi amene atuluka kale, ndiye amadziwa ngati otsalawo akukomera iye kapena mwini kasino. Akamukomera amaika zambiri, akaipa amaika pang'ono. Si kuba ayi, koma eni ake sakondwa nazo. Akangomuzindikira amamugwira paphewa mwaulemu nkumuonetsa chitseko. N'chifukwa chake sakhala malo amodzi. Sabata ino Prague, sabata yamawa Malta, kenako kwina koti lilime langa silingatchule. Sutikesi yake imakhala yolongedza kale kuseri kwa chitseko.

Poyamba ndinalusa. Makadi ake ndinataya m'bini, abusa ndinawaitana. Iye anangondifunsa kuti, "Mami, belo lija munkagula litatsegulidwa kale?" Ndinati ayi. "Nanga likatuluka sanza zokhazokha, munkasiya geni?" Ndinamukalipira kuti asandiyankhe ngati mnzake, koma nkhani inathera pomwepo. Komanso mwanayu ndinamuona atayesa ntchito yangayi yosambitsa nkhalamba. Ankabwera msana utapindika, maso ngati a nsomba yowamba. Kumakadi amabwera akuseka, ngakhale ulendo umene waluza. Ntchitoyi sindiikonda mpaka lero. Koma ndi yake.

Ndiye kunabwera Jerome, mnyamata wa ku Zambia wokonza makompyuta, wokhala ku Drumcondra. Wamtali, wofatsa, wodya kwambiri. Za Tionge amadziwa zonse, ndiye amamuperekeza ku eyapoti. Vuto silinali iye. Vuto linali amalume ake, a Kasapo a ku Skerries, tauni ya padoko kunja kwa Dublin, mkulu wa mpingo, amene anamulera bambo ake atamwalira. A Kasapo atakana, Jerome sakanafuna kukwatira.

Lachisanu Tionge anatsika ndege nkundipeza ndikusenda anyezi.

"Mami, mawa a Kasapo akubwera. Jerome wandiuza kuti amalume akewo adzapempha kuti ndisiye makadi."

"Ndiye usiya?"

"Ndikasiya ndidzadana naye Jerome pakatha chaka. Ndikakana, amalume akana ukwati."

"Ukufuna chiti?"

"Zonse ziwiri."

"Dyera ngati la bambo ako. Pita ukasambe, ukununkha ndege."

"Mami, please, mawa musakalalate."

"Ine ndinalalatapo liti?"

Kwathu nkhani ya ukwati amayankhula ndi malume a mwana. Mlongo wanga ali ku Dedza, ndege sangaikwanitse, ndiye ndinabwereka a Rodwell a kutchalitchi, oyendetsa basi. Munthu wabwino, koma wofewa ngati papaya lakupsa. Ndinawauziratu kuti, "Achimwene, chilichonse chimene aike patebulo musachigwire mpaka nditsokomole." Iwo anaseka. "Inu a Nambewe ndakudziwani, mukufuna tikweze mtengo. Azambiya alira lero." Nanenso ndinkaganiza choncho.

Loweruka masana kunali mvula ija ya kuno, yosagwa yosaleka. A Kasapo analowa ndi mlongo wawo, a Mavis, namwino. Jerome anatsala m'galimoto monga mwa mwambo, Tionge anakwera kuchipinda cha m'mwamba. Ine malo anga anali pampando wa pakhomo la kukhitchini, pakamwa potseka.

A Mavis anagwada nkuika patebulo mbale ziwiri zovundikirana, zokulunga m'chitenje. Kwawo amatero. M'katimo mumakhala ndalama, ndipo mukavundukula ndiye kuti mwalola, nkhani ya malowolo iyambe.

A Kasapo anakonza tayi. "Ba Rodwell, ise tabwela na mtima umozi. Taona kankhuku pa nyumba pano, tafuna tikasunge. Malowolo sitizavuta, mutchule chabe." Pamenepo anandiponyera diso. Mbiri yanga anali ataimva, ndipo thumba la jekete lawo linali lotupa. "Koma kali kanthu kamozi. Mukazi wamene talowola ankhala pa nyumba. Va njuga asiye, va kugona m'mahotela asiye. Tamupezela na nchito pa ofesi ya m'bale wathu, kuyankha mafoni."

"Zoona, zoona," anatero a Rodwell. "Mwana wamkazi kuyendayenda sizioneka bwino." Dzanja lawo linali litayamba kale ulendo wopita kumbale.

Ndisaname, mbalezo zinkandiyang'ana. Nyumba yanga ya ku Dedza yakhala yopanda denga zaka zambiri, udzu ukumera pabalaza. Ndikanatchula, malata akanakwera mvula isanagwe. Koma m'mwambamo thabwa linalira, ndinadziwa kuti Tionge waima pamasitepe akumvetsera.

Sindinatsokomole. Ndinadzuka.

"A Rodwell, chotsani dzanja."

"Amake Tionge, pano amayi sayankhula."

"Lendi ya nyumba ino amalipira ndani? Chotsani dzanja." Ndinakoka mpando nkukhala moyang'anana ndi alendo. "A Kasapo, mwati nditchule chabe. Nanga mukugula chiyani, mwana kapena miyendo yake?"

"Sitigula munthu, amai," anatero a Mavis. "Ni ulemu."

"Ulemu suyenda ndi koma. Achimwene anuwa anena koma, ndamva ndi makutu angawa."

"Amake Tionge," anatero a Kasapo, mawu ofatsa ngati ali pagome, "imwe ndimwe Mkhristu. Mukondwela kuti mwana wanu adya va njuga?"

"Sindikondwa. Inunso simukondwa. Koma amene adzagone naye nyumba imodzi wakondwa, ali m'galimoto panjapo. Mwamufunsa?"

"Jerome ni mwana."

"Mwana wandevu? Amene amatha mitanda inayi ya nsima pano?"

A Mavis anabisa pakamwa ndi dzanja. A Kasapo sanaseke.

Ndinagwira mbale zija ndi manja awiri. Zinali zolemera, mtima unandipweteka. Ndinazikankha mpaka zinakagunda chigongono cha a Kasapo.

"Ife Achewa a ku Dedza sitilowolana. Mwamuna ndi amene amanyamula kachikwama kake nkupita kwa mkazi. Amakhala mkamwini, amalima munda wa apongozi. Malemu bambo ake a Tionge anabwera kwathu ndi khasu ndi bulangete basi, ndipo sanandiuzepo kuti ndisiye msika. Ndikanaiwala mwambo wanga chifukwa cha mbale zanuzi, mwandikumbutsa ndinu. Tengani. Jerome akamufuna Tionge, abwere kuno."

"Mbale sizibwelela!" A Kasapo anakweza mawu. "Ni manyazi pa banja lathu."

"Manyazi sapha munthu."

"Mwana wathu ankhale pa nyumba ya mukazi? Muno mu Dublin?"

"Ku Drumcondra akugona m'kachipinda ka lendi, bafa limodzi ndi anyamata gulu. Kuno kuli chipinda, kuseriku kuli dimba lomera thengo. Mkazi akapita kuntchito, iye azilima."

A Kasapo anaimirira nkumanga mabatani a jekete. "Ndiye kulibe ukwati."

M'maganizo ndinaona Tionge akukalamba m'mahotela, akundiyang'ana ndi diso loti munandionongera ndinu. Koma pamsika pali lamulo limodzi. Wogula akanyamuka usamuthamangire. Ukangoti bwerani, wadyeka. Ndinatsogola, ndinawatsegulira chitseko, a Mavis ndinawapatsa ambulera yawo pamodzi ndi mbale.

"Muyende bwino. Mupereke moni ku Skerries."

Nditatseka, a Rodwell anagwira mutu. "Mwaononga, a Nambewe! Ndalama zapita, ukwati wapita. Ine ndinapempha ofu kuntchito chifukwa cha zimenezi?"

"Imwani tiyi, achimwene."

Tionge anatsika masitepe maso ali ofiira. "Mami, mwatani?"

"Iwe kumakadi kwakoko akakugawira zoipa umalira patebulo? Pukuta nkhope. Galimoto yalira?"

Anasuzumira pakatani. "Ayi."

"Ndiye khala pansi."

Inenso ndinasuzumira, sindine mwala. M'galimotomo manja a a Kasapo ankauluka, magalasi atachita nthunzi. Miyendo yanga inkafuna kutuluka yokha. Ndinaiuza kuti ikhale. Tiyi wa a Rodwell anazizira m'kapu.

Kenako chitseko cha galimoto chinatseguka. Jerome anadutsa pamvula opanda ambulera, anagogoda, nditatsegula anagwada pachopondera chonyowacho.

"Amai, namvela vonse. Khasu ili kuti?"

Kwathu mpongozi sayang'anizana maso ndi mkamwini, ndiye ndinatembenukira kukhoma. "Dzukani, muononga thalauzi. Koma ine sindifuna mkamwini wothawa kwawo. Mawa mukadzadwala ndidzaimbira ndani? Kaitaneni amalume anu."

"Akwiya maningi, amai."

"Akanakwiya zenizeni bwenzi pano ali pamsewu waukulu. Pitani."

Anabwera onse atatu, a Mavis akukankha achimwene awo kumsana. Asanakhale n'komwe a Mavis anayamba. "Ba Kasapo, aba bana ni bakulu. Mukakana bazakwatilana ku ofesi ya boma, ise tizaonela chabe pa WhatsApp. Mufuna ivo?"

A Kasapo anakhala pansi ngati thumba la chimanga. Anayang'ana Tionge nthawi yaitali. "Iwe mwana, siku ukaluza vonse, muzadya chani?"

Tionge anagwada. "Ankolo, za ntchito zimakhala pazokha. Za pakhomo sindizikhudza, sindinazikhudzepo. Zantchitozo zikadzatha ndidzabwera ndekha kudzakupemphani ntchito ya mafoni ija."

"Nizakupemphelela."

"Pempherani," ndinatero ine. "Nanenso ndimapemphera. Tikhala awiri."

"Manje mbale izi? Nizakauza chani banja ku Lusaka?"

Pamenepo ndinadziwa kuti wogula wabwerera. Koma munthu wotere umamupatsa basela, kuti popita azimva ngati wapambana ndi iye.

"Mukawauze kuti mwachita mwambo wa kuchikazi. Kwathu timasinthana nkhuku. Inu mutipatsa tambala, ife tikupatsani thadzi, ukwati wamangika."

"Nkhuku yamoyo, mu Dublin?"

"Ya m'firiji. Koma yolimba, ya kwa mwenye, osati zofewa za m'supamaketi zija zosungunuka mumphika. Mundibweretsere m'mbale zomwezi, kuti zisabwerere zopanda ntchito. Zimene zili m'katimo mugulire mwana wanu fosholo, wilibala ndi jombo."

A Rodwell anabuula ngati ndawaponda chala.

"Na ukwati uzachitikila mu chechi yathu ku Skerries," anatero a Kasapo, chala m'mwamba. "Apo sinizagonja."

Ndinapukusa mutu, ndinausa moyo, ngati andilanda ng'ombe. Tchalitchi chathu timachita kubwereka holo yozizira ya sukulu, ndinkafuna chiyani kumeneko?

"Mwandipweteka, a Kasapo. Koma chabwino."

Anamwetulira koyamba tsiku limenelo. A Mavis analulutira mpaka galu wa oyandikana nafe anayamba kuuwa.

Nkhuku tinasinthana mwezi wotsatira, yawo inali yolimbadi, inandithera magetsi. Ukwati unachitika ku Skerries mphepo ya kudoko ikuulutsa mipango ya azimayi. Mlongo wanga ku Dedza anandiimbira kuti mutu wanga wazizira ndi chisanu cha kuno, denga ndalitaya ndekha. Ndinamuuza kuti adule udzu pabalazapo asiye zonena.

Lolemba lapitali Tionge anakokanso sutikesi yake, akuti ulendo uno ndi kwina kumene nkhope yake sanaizolowere. Jerome anamuperekeza mpaka ku eyapoti, nkubwerera, nkuvala jombo. Ndinamuona pawindo la kukhitchini akulimbana ndi dothi, fosholo ataigwira ngati supuni, mizere yokhota ngati njoka. Mbewu ya mpiru ndi maungu ndinali nditamuikira kale pasitepe.

Ndinatsegula windo, ndinatembenukira kukhoma monga mwa mwambo, ndiye ndinakuwa.

"Akamwini! Mizereyo iwongoke! Mkazi wanu akubwera Lachisanu, apeze mutadzala!"