Mapazi Pansi pa Nyanja

"Ndiye mukundiuza kuti anthu onse achokawo ndi opusa, anzeru ndinu nokha?"

"Sindinatero, achemwali. Ndati kuno mvula sinagwe. Yangowaza basi."

"Sitikukamba za mvula, a Medson."

"Nanga madzi amachokera kuti?"

Sungeni anachotsa foni kukhutu n'kuyiyang'ana ngati ndi imene yamulakwira. Anali ataima pazenera la chipinda chodyeramo antchito, pansanjika yachisanu ndi chimodzi ya nyumba yosamalira okalamba ku Scarborough, mumzinda wa Toronto, mpunga wake ukuzizira patebulo. Nthawi yopuma inali theka la ola, ndipo mphindi khumi zinali zitathera kale pamkanganowu. Amene ankakangana nayeyo anali Medson, namwino wakwawo ku Phalombe, yemwe miyezi itatu yapitayo anachoka ku Toronto kukagwira ntchito ya kanthawi pachipatala china ku Florida, m'tauni yomangidwa pakachilumba m'mphepete mwa nyanja yamchere. Dzulo lake chipatalacho chinasamutsa odwala onse. Anzake analongedza n'kuwoloka. Iye anatsala, ati achape kaye zovala.

Pakhoma TV inali yoyatsa koma yopanda mawu. Namondwe ankaoneka ngati nkhata yoyera, ikuzungulira pang'onopang'ono pamwamba pa madzi, yosafulumira, ngati chinthu chodziwa kuti kumene chikupitako palibe achiletse. Pansi pake pankadutsa mawu ofiira: onse a m'mphepete mwa nyanja achoke, ndipo mlatho umodzi wokhawo wotulukira pachilumbacho autseka 3 koloko masana. Wotchi ya pamwamba pa khomo inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti 2 koloko ikwane.

Medson ankayankhulabe, ndi mawu ake ofatsa aja amene ankanyengerera nawo odwala kumwa mankhwala. Ati iye madzi amawadziwa, asamuphunzitse munthu. Ati napolo atatsika m'phiri chaka chija iye anali kumudzi, ndipo anabereka amayi ake kumsana matope akumufika m'chiuno. Ati madzi asanaphe munthu amachenjeza: mvula imagwa masiku anayi osakata, phiri limabuula, mpweya umanunkha dothi lokumba kumene. Nanga ku Florida kuli phiri? Ngakhale chulu sanachionepo. Napolo atsike kuchokera pati?

Sungeni anafuna kumutukwana, koma munthu amene umamutchula kuti achimwene sumutukwana. Ndipo vuto linali lomwelo. Anakumana zaka ziwiri zapitazo pachikondwerero cha Amalawi kupaki ina ku Etobicoke. Medson anamumva akutchula Migowi, natembenuka mbale ili m'manja, nati, "Achemwali, ndinu akwathu?" Mawuwo anakakamira ngati chisoso pachitenje. Anayenda limodzi m'sitima ya pansi mpaka ku Kennedy kosawerengeka, iye atatsamira zenera akuganiza za diresi, za nyimbo yolowera m'tchalitchi, za mayina a ana atatu, mwamunayo akumufotokozera za matayala a nyengo yachisanu. Tsiku lomuperekeza kubwalo la ndege la Pearson anali atakonza mawu sabata yathunthu. Atafika pachipata anangoti, "Muyende bwino, achimwene." Analira m'basi mpaka mayi wina wachi Filipino anamupatsa switi.

Chitseko chinatseguka, nalowa Beatrice, mnzake wapantchito wa ku Lusaka, mayi wa ana akuluakulu, atanyamula kapu ya tiyi. Anayang'ana TV, nayang'ana Sungeni.

"Ni ba Medson futi? Bakalibe kuchoka?"

Sungeni anapukusa mutu. Beatrice anakhala pansi mopuma, nanena kuti vuto la Amalawi ndi Azambia ndi limodzi, nyanja yamchere anaionera pamapu akusukulu, ndiye akaipeza amaiyesa dziwe lalikulu la kwawo. Medson anamumva, naseka, napereka moni kwa anti. Kenako anati adikire, awaonetse chinthu choti mitima yawo ikhale pansi.

Vidiyo inayaka.

Poyamba kunaoneka msewu. Mazenera a masitolo anali atakhomedwa matabwa, ndipo pamatabwa ena anthu analembapo mawu ndi penti, ngati akulembera kalata mlendo. Maloboti ankasintha mitundu, kufiira, kubiriwira, kufiiranso, kulamula magalimoto amene kunalibe. Kumwamba kunali kwachikasu ngati diso la munthu wodwala chiwindi. Mphepo inkakankha Medson kumbuyo, malaya ake akuuluka kulozera kunyanja. Kutali kunkalira sayirini, n'kusiya, n'kuyambanso. Mbalame kunalibe ndi imodzi yomwe.

Anatsika masitepe a simenti apadoko, natembenuza foni.

Kunalibe nyanja.

Pamene pankayenera kukhala madzi panali chigwa cha matope otuwa, chotambalala mpaka kumene maso amalekezera. Mabwato oyera a anthu olemera anali atagona chammbali ngati ng'ombe zodwala, zingwe zawo zili lende. Panali tayala, mpando wapulasitiki, njinga yodzala nkhono. Nkhanu zinkathamanga uku ndi uku zosadziwa kolowera.

"Mwaona? Nyanja yaphwa, achemwali," anatero Medson, mawu ake akusangalala ngati a mwana. "Ngati Chilwa."

Anatsikira m'matopemo nayamba kuyenda. Anamukumbutsa za chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumapita kuchilumba cha Chisi wapansi, akabaza n'kumanyamula anthu pamene pankadutsa mabwato. Ati iye anayenda ulendowo ndi msuweni wake, nsapato zili m'manja. Ati madzi aja anabwerera liti? Patapita miyezi, mvula itagwa, ndipo ankabwera mwamanyazi, sabata ino chala chimodzi, sabata yamawa chala china. Nyanja ikaphwa siithamanga pobwerera. Azunguwa akuthawa madzi, chonsecho madziwo ndi amene ayamba kuthawa.

Ndipo zoona, mtima wa Sungeni unakhala pansi kwa kamphindi. Nayenso anaiona Chilwa chaka chimenecho. Anakumbukira bwato la malume ake litakhala padothi, nkhuku itaikira mazira m'katimo. Anatsala pang'ono kuseka. Anatsala pang'ono kunena kuti chabwino, koma musapite patali.

Kenako anayang'anitsitsa.

Dothi la ku Chilwa linali long'ambika, louma gwa, lotentha kumapazi. Ili linkanyezimira. Udzu wa pansi pa nyanja unali wobiriwira, utagona wonse mbali imodzi ngati tsitsi lopesa kumene. Pafupi ndi phazi la Medson kansomba kankaphiriphitha, kakamwa kali yasa, kamoyo.

"Chilwa inauma ndi dzuwa, a Medson. Miyezi ndi miyezi. Iyi yachoka liti?"

"M'mawa womwe uno."

"Ndiye yapita kuti?"

Beatrice anadzuka, natenga rimoti, nakweza mawu a TV. Mayi wolosera zanyengo ankafotokoza modekha, dzanja lake likusesa pamapu, ndipo Sungeni ankamasulira mawu ndi mawu, ngakhale Medson Chingerezi ankachimva kuposa iye. Ankafuna kuti azimve m'chiyankhulo chimene analakwitsiramo. Mphepo ya kutsogolo kwa namondwe imakankhira madzi kunja, kutali, n'kuwaunjika kumeneko. Namondwe akayandikira mphepo imatembenuka, ndipo madzi onse aja amabwerera pamodzi, ndi ena owonjezera, kutalika kupitirira chitseko cha nyumba. Sasowa mvula. Sasowa phiri. Phirilo ndi madzi omwewo.

"Siinaphwe," anatero Sungeni. "Yangotengedwa. Akubwera nayo."

Foni inakhala ikuonetsa matope okhaokha. Medson atayambanso kuyankhula, chisangalalo chija chinali chitachoka, koma sananene kuti akubwerera. Ati watopa kuthawa. Ati anathawa kamodzi ndipo zinakwana. Ati akawoloka apita kuti, kukagona paholo ya sukulu ndi anthu mazana osawadziwa, kumene ngakhale dzina lake amalitchula kuti Madison? Ati m'chipinda chake muli bedi, muli mabotolo a madzi, chili pansanjika yoyamba koma khomo lake ndi lolimba. Ankayankhula akuyendabe, kulowera kumene kunapita nyanja, ndipo Sungeni anazindikira kuti munthuyu si wouma mutu chabe. Anali ngati munthu amene waima pakhomo la phwando, akudikira kuti wina amuitane ndi dzina.

Kunja kwa zenera Toronto inali pamtendere wochititsa manyazi. Dzuwa la Seputembala linkawala pamitengo yoyamba kufiira, basi inaima pasiteji, mayi wina ankakankha ngolo ya mwana. Chapatali, pakati pa nyumba ziwiri zazitali, nyanja ya Ontario inali phee ngati lata. Nayonso nyanja. Mawu amodzi omwewo, Chilwa nyanja, iyi nyanja, iyo ya ku Florida nyanja, ngati zonse ndi za mayi mmodzi.

Atabweza maso pafoni anaona kuti malaya a Medson asiya kuuluka. Anali atangolendewera. Phokoso la mphepo limene linali m'foni chiyambire linali litazima, moti ankamva kupuma kwake, ndi kaphokoso kena kakang'ono, ngati anthu ambiri akunong'onezana m'chipinda china.

"Tembenukani. Ndionetseni kumene mwachokera."

"Kulibe kanthu, achemwali."

"Ndionetseni."

Foni inazungulira. Doko linali patali kuposa mmene onse awiri ankaganizira, masitepe aja atachepa ngati a nyumba ya zidole. Kuchokera pamenepo mpaka pamene anaima panali mzere wa mapazi ake m'matope, ndipo phazi lililonse linali litadzaza madzi. Onse ankanyezimira chikasu cha kumwamba kuja, ngati maso ambiri atsegulidwa nthawi imodzi. Akuyang'ana choncho, mapazi awiri apafupi analumikizana, kenako atatu. Chapakati, pamene panali kangalande kouma pobwera, tsopano pankayenda kamtsinje kopyapyala, kopanda thovu, kakulowera kumtunda.

Beatrice anaika kapu pansi osamwa. Malaya a Medson anagwedezeka kamodzi, nayamba kuuluka kulozera kutauni. M'foni munalowa mpweya uja umene Sungeni ankaudziwa bwino, umene umatuluka m'ngalande ya sitima ya pansi n'kukupeperutsa tsitsi, sitimayo isanaoneke.

"Madzi akukwera phiri," anatero Medson chapansipansi, ngati akudziuza yekha.

Kenako chithunzi chinasokonekera. Kumwamba, matope, bondo, kumwamba. Sungeni ankangomva phava phava wa mapazi, poyamba m'matope, kenako m'madzi, ndi mwamunayo akupuma ngati mvukuto. Sanapemphere mwadongosolo, ankangobwereza dzina lake m'kamwa, lopanda "a" kutsogolo. Vidiyo inaima, nkhope ya Medson itauma pagalasi kukamwa kuli pululu, kenako inazima. Anaimba, sinalowe. Anaimbanso. Wotchi inati 2 koloko yadutsa ndi mphindi zisanu, nthawi yake yopuma itatha kale. Beatrice anamusisita paphewa, nati azamuonera zipinda zake, asasunthe pamenepo, ndipo potuluka anawonjeza kuti mwamunayo akayankha asamuuzenso zanyengo, zanyengo wamva kale.

Kachisanu foni inalowa. Kunamveka chitseko cha galimoto, makiyi akugwa, kutukwana pang'ono, injini. Medson anati buluku lanyowa mpaka m'mawondo. Ati madzi ayamba kutuluka m'mabowo a ngalande za mumsewu, akutumphukira m'mwamba, ndipo mvula sinagwebe. Ati sabwereranso kuchipinda, zovala zitsale pachingwe. Kumlatho ndi mphindi makumi awiri ngati njira ili yotsegula.

Galimoto inanyamuka, Sungeni akumvetsera matayala akung'amba madzi. Mawu a ku Pearson aja anali adakalipo, koma tsopano ankaoneka ambiri, okongoletsa, osathandiza. Patapita nthawi Medson anati akuona magetsi a apolisi, mlatho sanautseke, pali magalimoto asanu ndi limodzi kutsogolo kwake. Ati pansi pa mlathowo nyanja yabwerera, yakuda, ndipo ikuyenda ngati mtsinje.

"Wapolisi akuti ndikawoloka ndikhotere kumanja, kusukulu kuja," anatero. "Msewu winawo ndi waukulu, wopita kumpoto. Mukuti nditani, achemwali?"

"Ine si mchemwali wanu."

Sungeni sanadikire kuti Medson ayankhe, anapitiriza.

"Musakhote. Yendani mpaka mutope, mugone, mudzuke, muyendenso. Masiku awiri, atatu, ndidikira. Sindikufuna kuti mungopulumuka kwinakwake, Medson. Ndikukufunani kuno, kwa ine."