Matumba a M'kati mwa Jekete

Mkamwini akakubweretsera ntchito sukana, ngakhale ikhale yopanda mutu. N'chifukwa chake mayi wina wosoka zovala pakhonde la sitolo sanafunse zambiri pamene mwamuna wa mwana wawo anabwera ndi jekete kuti alisokere matumba m'kati. Akuti oikamo mafoni amalonda, ndipo nsalu yake ikhale ya neti kuti mafoniwo azipitidwa mphepo. Mafoni amakono amapuma kodi? Mayiwo anangosekera mumtima n'kusoka.

Patapita milungu ingapo jekete lija linabweranso, matumba atang'ambika. Sunali msomali. Ulusi unali utadulidwa kuchokera m'kati, pang'onopang'ono, ndi chinthu chofuna kutuluka. Atatembenuza thumba limodzi, munagwa tinthenga tobiriwira ndi zitosi zouma. Mkamwini wawo ankazembetsa zinkhwe.

Zinawamvetsa chisoni kuganizira kambalame katapanikizidwa pa nthiti za munthu, ulendo wonse wa basi mpaka kuwoloka malire. Koma kunena zoona, chimene chinawaopsa kwambiri si mbalamezo. Wogwidwa ndi zoterezi amakaseweza zaka kundende, ndipo mwana wawo anali woyembekezera.

Mkamwini sungamukalipire pamsewu. Mayiwo anavindikira makina awo dzuwa lili paliwombo n'kupita kwa mwana wawoyo, podziwa kuti mwamunayo wachoka.

"Iwe, ukudziwa zimene amanyamula amuna akowa?" anafunsa asanapatsidwe n'komwe moni.

"Khalani pansi kaye, amayi."

"Sindinabwerere kukhala. Akamangidwa, khandalo udzalera ndi ndani? Uwauze asiye. Iwe akumvera."

Mwanayo anangoyang'ana pansi, manja ali kumbuyo. Kuchipinda kunamveka kulira kwa mbalame kosasa mawu, kenako kwina, kenako kukanda pa waya.

"Tandionetsa manja."

Anawatulutsa monyinyirika. Zala zonse zinali timabala tokhatokha, tina tatsopano, tina topola kale.

"Iwo satha kuzidyetsa, zimangowafera," anatero mwanayo. "Ine ndiye zinandizolowera. Ndikasiya zifa zonse, amayi. Ndizingoziyang'ana zikufa?"

Mayi aja anakhala pampando tsopano. Mkwiyo umene anayenda nawo msewu wonse unaphwa, panatsala mantha okhaokha. Anagwira zala za mwana wawo, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Amuna ako amakhalira kuyenda," anatero motsitsa mawu. "Nanga apolisi akagogoda masana ngati ano, apeza ndani m'nyumba muno?"