Paipi ya Kilatchi ya a Alufeo

"Wamanga mokhota," anatero a Gervazio, ataimirira pafupi ndi miyendo ya Mervis yomwe inatulukira kunsi kwa galimoto.

"Bambo aang'ono, inu muli kunja. Mukuona bwanji?"

Panali patapita masiku anayi chiikireni a Alufeo m'manda. Galimoto yawo ya 1972, yomwe inanyamula odwala ndi maliro a theka la dera la Lobi, inakana kunyamula mwini wake. Paipi ya kilatchi inali itadyeka ndi dzimbiri, ndipo bokosi linapita kumanda pa ngolo. A Gervazio, mng'ono wa malemu, anali ataitana kale wogula zitsulo wa ku Boma. Anapangana ndi namfedwa, mayi Falesi, kuti ikapanda kuyenda pofika masana, aigulitsa.

Mervis, mwana wa malemu, anabweretsa paipi yatsopano kuchokera ku galaja yomwe amagwirako ntchito ku Lilongwe. Anaipinda pa bondo, kuilowetsa, n'kumanga ndi sipanala, zala zitauma ndi chisanu cha Juni.

"Tsopano tichotse mpweya m'paipimu. Wina apompe kilatchi."

A Gervazio anatsegula chitseko.

"Pepani alamu," anatero mayi Falesi. "Ntchito imeneyo ndi yanga."

"Inu? Simudziwa n'kuyendetsa komwe."

"Kuyendetsa ayi. Koma kupompa, zaka makumi anayi."

Anavula masilipasi, nakwinya chitenje chakuda, n'kukhala pampando.

"Pompani, amayi! Gwirani pomwepo. Tayani."

"Ikadali yofewa ngati papaya lakupsa."

"Pompaninso."

"Bambo ako akafika apa ankatukwana."

"Nanenso ndikutukwana, koma chamumtima."

Ulendo wachisanu ndi chimodzi mayi Falesi anati, "Yalimba. Tuluka."

A Gervazio analowa kuti ayese. Injini inatsokomola kawiri n'kudzuka, giya inalowa osalira. Galimoto inakafika kumunda wa mbatatesi n'kubwerera. Koma iwo anatsika akusisita mwendo.

"Bondo likungogunda chiwongolero. Ndani anamangirira chipika pa kilatchi? Mervis, patse pulayazi."

Anawerama. Chinali chipika cha mlombwa, chosalala ndi kupondedwa, chomangidwa ndi waya.

"Mwendo wanga sufika pansi," anatero mayi Falesi. "Anachimanga chaka chomwe tinakwatirana."

"Akulu anga anali aatali kuposa ine! Zaka zonsezi ankayenda bondo lili m'mwamba, chifukwa cha ntchito ya kamodzi pachaka?"

"Ndinawauza kuti azichotsa. Ankati akachotsa, ndiganiza kuti apeza wina wowapompera."

Mervis anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi mkono, n'kudzipaka oilo patsaya.

A Gervazio anakhala ali chiweramire.

"Uja wa zitsulo muimbire foni, asavutike n'kubwera," anatero osatembenuka.

Anapana waya ndi pulayazi. Unali utakhwepa pang'ono. Anaupotokola kawiri kuti ulimbe, nagwedeza chipikacho ndi dzanja kuona ngati chagwira.